Foni Ikasanduka Positi, Banki ndi Msika, Tisatseke Makomo Ena

Makolo athu a ku Petauke ndi ku Nyimba akumbukira bwino lomwe cimene mau akuti "kupita ku boma" anali kutanthauza masiku akale. Munthu wa kwa Mfumu Nyamphande, kwa Mwanjawanthu, kwa Ndake kapena ku cigwa kwa Luembe anali kulawira tambala woyamba, kamba ali m'thumba, ndipo pofika ku boma anali ndi makomo ambiri oti agogode. Ku positi ofesi anali kufunsa ngati mwana wa ku Migodi walemba kalata kapena watumiza ndalama. Ku depoti ya NAMBOARD kapena ya kopaletivu anali kufunsa za feteleza ndi za malipiro a cimanga. Ku sitolo anali kugula mcere ndi sopo zikapezeka, ndipo ku siteshoni anali kufunsa tsiku lofika basi ya UBZ. Khomo liri lonse linali ndi mwini wake, buku lake ndiponso nthawi yake yotsekera.

Lero makomo onsewa ali kulowa m'kanthu kamodzi kokwana m'dzanja. Makampani akuluakulu a lamya ndi a intaneti ali pa mpikisano wakuti pulogilamu imodzi ya pa foni, imene acinyamata amati app, igwire nchito zonse za munthu: kuceza, kutumiza ndalama, kugula ndi kugulitsa, kukongola, kumva nkhani, ngakhale kulankhula ndi maofesi a Boma. Ife a tsamba lino tilandira citukuko cimeneci ndi manja awiri. Koma tifuna kunena poyera, nthawi ikalipo, kuti mlimi wa ku Petauke ndi wa ku Nyimba asakakamizidwe kulowera pa khomo limodzi lokha, makamaka khomo limene kiyi wake ali m'thumba la munthu wina.

Kuti timvetse kumene ulendowu uli kupita, tiyeni tione kumene unayambira. M'caka ca 2011 kampani ya Tencent ya ku China inatulutsa app yochedwa WeChat, ndipo nchito yake poyamba inali kutumiza mauthenga basi. Mu 2013 anaikamo njira yolipirira ndalama. Mu 2014, pa cikondwerero cao ca caka catsopano, anaikamo njira yopatsirana mphatso za ndalama monga mwa mwambo wao, ndipo anthu miyandamiyanda analumikiza mabuku ao a ku banki ku foni cifukwa ca mphatsozo. Mu 2017 analola makampani ena ndi maofesi kutsegula timakomo tao m'kati mwa WeChat momwemo. Pofika 2018 anthu oigwiritsa nchito anapitirira biliyoni imodzi. Munthu wa m'mizinda ya ku China angathe kuitana galimoto, kugula ndiwo pa msika, kulipira magetsi ndi kulembetsa dzina ku cipatala osaturuka m'app imodziyo.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene otamanda WeChat sakonda kuichula. Amalonda ambiri kumeneko anayamba kukana ndalama za pamanja, kotero kuti nkhalamba ndi anthu a kumidzi osadziwa foni anali kubwezedwa ndalama ziri m'manja. Mu 2018 banki yaikulu ya dziko la China inacita kulengeza kuti kukana ndalama za pamanja ndi kulakwira lamulo, ndipo mu 2020 boma lao linalamula maofesi kusunga njira zakale zothandizira okalamba. Ngati dziko limene linayambitsa zimenezi linaona kuti khomo lakale liyenera kukhala lotsegula, nanga ife a kuno, kumene netiweki ikwera ndi kutsika monga madzi a m'Luangwa, tingacite bwanji mopepuka?

Makampani ena anaona phindu limene Tencent inapeza, naonso anayamba kulondola mapazi ake. WhatsApp, imene inayamba mu 2009 ndi kugulidwa ndi Facebook mu 2014, poyamba inali ya mauthenga okha. Pambuyo pake inaonjezera kuimba lamya, mbali ya amalonda mu 2018, ndiponso kutumiza ndalama ku India ndi ku Brazil. Kuno ku Africa kampani ya MTN inayambitsa Ayoba mu 2019, ndi colinga cosonkhanitsa maceza, nyimbo, masewera ndi nchito zina pamalo amodzi. Ku Kenya, M-Pesa imene inayamba mu 2007 ngati njira yotumizira ndalama kumudzi, inakula kufikira kukhala njira yogulira, yokongolera ndi yolipirira pafupifupi ciri conse.

Kuno kwathu ku Zambia cinthuci ciri kukula kucokera mbali ziwiri, monga anthu awiri olima munda umodzi, wina kuyambira kumtunda wina kumunsi. Mbali imodzi kuli WhatsApp. Makopaletivu, mipingo, makomiti a sukulu ndi mabanja ali ndi magulu ao mmenemo. Uthenga wa maliro umene kale unali kudikira wailesi kapena mnyamata wa njinga, lero ufika ku Lusaka ndi ku Kitwe maliro asanasambitsidwe. Mbali inayo kuli Airtel Money, MoMo ya MTN ndi cikwama ca Zamtel, zimene zinayamba ndi kutumiza ndalama, koma tsopano zilipira magetsi a ZESCO, madzi ndi zofunika ku sukulu, zikongoza ndalama ndiponso zigulitsa inshuwalansi. Tsiku limene olima awiriwa adzakumana pakati pa munda siliri kutali.

Boma lathu nalo lalowa m'njira imeneyi. Cithandizo ca feteleza ndi mbeu ca FISP cinayesedwa koyamba pa njira ya vauca ya makina mu 2015 m'maboma 13, ndipo njirayo yakhala ikufalikira. Mlimi alipira K400 yake, ndipo uthenga womdziwitsa za katundu wake ubwera pa nambala ya foni imene analembetsa. M'madera ena ndalama za cithandizo ca Social Cash Transfer zifikira eni ake pa foni. Motero foni yaleka kukhala coseweretsa ca anyamata. Yasanduka nkhokwe, citupa ndi buku la banki pamodzi.

Ubwino wake palibe angaukane, ndipo ife sitifuna kuucepsa. Kucokera ku Petauke kufika ku Lusaka pali pafupifupi makilomita 400. Kale mwana wogwira nchito m'tauni anali kupatsira ndalama kondakitala kapena mnansi wopita kumudzi, ndipo nthawi zina ndalamazo zinali kufika zitaonda, nthawi zina osafika konse. Lero zifika mai asanaphule nsima. Amai ogulitsa nthoci pa mseu wa Great East ku Nyimba angathe kulandira oda ya wogula wa ku Lusaka, kukweza katundu pa lole ndi kulandira malipiro osasiya ana pakhomo. Mlimi wa nshawa, wa soya kapena wa mpendadzuwa angathe kufunsa mtengo wa ku Chipata ndi wa ku Lusaka asanalole sikelo ya vendala pakhomo pake. Zimenezi ndi ufulu weniweni, ndipo aliyense wofuna kubwezera anthu athu ku mizere ya pa positi ofesi safunira mudzi zabwino.

Komabe akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope oyamba ndi akuti khomo limodzi likatsekeka, zonse zitsekeka pamodzi. Izi taziona ndi maso athu. Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno kufikira Khoti Lalikulu linalamula kuti zitsegulidwe. Pa 4 October caka comweco WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6 cifukwa ca colakwika ca m'makina a eni ake ku America. Masiku amenewo cimene cinaima cinali kuceza ndi malonda ena. Tsono ganizani ngati m'app yomweyo mukanakhala ndalama za mankhwala a mwana, vauca ya feteleza ndi malipiro a cimanga.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa phunziro lowawa koposa. Pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola 17 ndi kuposa pa tsiku, ndipo nsanja zambiri za netiweki zinali kuzima pamodzi nao. Munthu anali ndi ndalama m'foni, koma foni iribe moto, kapena moto ulipo koma netiweki palibe, kapena zonse ziripo koma wa m'kanyumba ka mobile money alibe ndalama za pamanja zoti ampatse. Amene anasunga kandalama kena m'cikwama ndiye anagula ufa tsiku limenelo.

Alimi acikulire adziwa kale bvuto la khomo limodzi. NAMBOARD, imene inakhazikitsidwa mu 1969 ndi kuthetsedwa mu 1989, inali ndi colinga cabwino: kugula cimanga ca mlimi aliyense pa mtengo umodzi ndi kumfikitsira feteleza. Koma popeza mlimi analibe kwina kopita, matumba akacedwa iye anali kudikira, malole akacedwa cimanga cinali kubvumbwa ndi mvula pa depoti, malipiro akacedwa ana anali kukhala osapita ku sukulu. Pamenepo mlimi anali kudziwa ofesi yokadandaula ndi nkhope ya kalaliki. Nanga app ya kampani imene likulu lake liri ku California kapena ku Shenzhen ikakutsekerani kunja, mudzagogoda pa citseko citi?

Matope aciwiri ndi a anthu otsalira. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia muli anthu oposa 19 miliyoni, ndipo pafupifupi 6 mwa anthu 10 ali onse akhala kumidzi. Ambiri a iwo ali ndi kafoni ka mabatani, kamene batire lake likhala masiku angapo ndipo kagwira netiweki ngakhale pa culu. Kafoni kameneka katumiza ndalama bwino lomwe pongodinda manambala, popanda intaneti. Koma app ya nchito zonse ifuna foni yaikulu ya galasi, ifuna mabandulo ogula kawirikawiri, ifuna kuchaja tsiku ndi tsiku, ndiponso ifuna munthu wowerenga Cingerezi. Nyumba zambiri za kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape ziri ndi foni imodzi, ndipo kawirikawiri ikhala m'thumba la bambo. Makampani ndi maofesi akayamba kuika zinthu zabwino m'app mokha, ndi kusiya njira ya mabatani kuti ifote, ndiye kuti tamanga mseu wa tala wopita ku nyumba za aphunzitsi ndi amalonda okha, mai wa kumunda tamsiya pa kanjira ka minga.

Cilankhulo naco ndi mpanda. Gogo amene alankhula Cinsenga moyo wake wonse, akalandira uthenga wa Cingerezi wonena za ndalama zake, ayenera kufuna mdzukulu kapena mnyamata wa pa msika kuti amwerengere. Pomwerengera ampemphanso nambala ya cinsinsi kuti amthandize kutapa. Cinsinsi ca anthu awiri sicikhalanso cinsinsi. Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, ndipo tiwayamika. Koma njira imene ikakamiza nkhalamba kupereka kiyi wa nkhokwe yake kwa wina mwezi ndi mwezi siinapangidwe bwino, ndipo colakwa siciri mwa nkhalambayo ai.

Matope acitatu ndi akuti pamene pasonkhana zabwino zonse, mbala nazonso zisonkhana pomwepo. Ndani wa ife sanalandirepo uthenga wakuti "ndalama zija tumizani pa nambala iyi", kapena lamya ya munthu wodzicha wa ku kampani wofuna nambala ya cinsinsi kuti akonze akaunti? Ena abera munthu WhatsApp yake, nayamba kupempha ndalama kwa abale ake m'dzina lake. Lero wakuba wotere apeza mbali imodzi yokha ya moyo wa munthu. Zonse zikakhala m'app imodzi, adzapeza maceza, ndalama, ngongole ndi vauca pa nthawi imodzi. Palinso mbala zina zimene sizithyola lamulo. Batani la ngongole ya msanga liri pafupi ndi batani lolipirira juga ya mpira, ndipo onse awiri ali m'dzanja la mnyamata amene wangogulitsa thonje. Kale wofuna kumwaza ndalama za zokolola anali kuyenda mtunda, ndipo panjira anali kukumana ndi amalume omubweza. Tsopano angathe kumaliza munda wonse ali gone pa mphasa, mkazi wake osadziwa.

Matope acinai sawoneka ndi maso. Mwini app ya nchito zonse adziwa amene muceza naye, mwezi umene mulandira ndalama, cimene mugula, kumene mugona ndi tsiku limene mwasowa. Ngakhale mfumu ya mudzi, ngakhale mkulu wa mpingo sadziwa munthu motere. Cidziwitso cimeneci ndi cuma, ndipo ndico cipangitsa makampani kupereka app kwaulere. Dziko lathu liri ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2021. Lamulolo ndi labwino, koma ndi angati kwa Mumbi kapena ku Kacholola amene analimva m'cilankhulo cao? Munthu adinda pobvomereza mau ambirimbiri a Cingerezi amene sanawawerenge, monga makolo athu anali kudinda cala pa mapepala a atsamunda.

Ena adzati a Mkonzi ali kuopseza anthu, ndipo citukuko sicidikira wocedwa. Adzatinso kusunga njira ziwiri kudya ndalama zambiri, ndi kuti mafoni a galasi ali kutsika mtengo caka ndi caka. Mau amenewa ali ndi coonadi cake. Koma mtengo wa kusunga njira ya mabatani ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa mlimi mmodzi wosowa feteleza mu December cifukwa uthenga unapita pa nambala imene inatayika. Ndiponso tisaiwale kuti njira yatsopanoyi si yaulere. Wotumiza alipira, wotapa alipira, bandulo igulidwa, ndipo kuyambira mu January 2024 pali msonkho wa Boma pa ndalama zotumizirana pa foni. Kwa munthu wa malipiro a pa mwezi tindalama timeneti ndi tating'ono. Kwa mai wogulitsa mulu wa nthoci ndi phindu la tsiku. Anthu amene alipira ali nao ufulu wonena mmene afunira kutumikiridwa.

Aliyense amene anakumbapo mbewa m'cilimwe adziwa kuti mbewa siikhulupirira khomo limodzi. Ikumba una wake, koma isiyanso kabowo kobisika kothawira, kamene osaka amati mbuli. Nzeru imeneyi ndiyo tipempha onse amene nkhaniyi iwakhudza.

Ku Boma lathu tikuti: cithandizo ciri conse ca anthu, kaya ndi FISP, kaya Social Cash Transfer, kaya malipiro a cimanga ca ku FRA, cikhale cotheka kulandira pa kafoni ka mabatani, ndipo pakhale munthu wamoyo pa ofesi ya zaulimi kapena pa kampu amene angathandize mlimi wotaya foni kapena nambala, pongoona citupa cake ca NRC. Ofesi ya Boma isanene kwa nzika kuti "pitani pa WhatsApp" ngati kuti ndiyo njira yokhayo. Nsanja za netiweki zifike ku cigwa, ndipo zikhale ndi magetsi a dzuwa kuti zisamazime pamodzi ndi Kariba.

Ku Bank of Zambia ndi ku ZICTA, amene apatsidwa udindo woyang'anira ndalama za pa foni ndi makampani a lamya, tikuti: musalole kampani imodzi kumanga mpanda kuzungulira makasitomala ake. Ndalama ziziyenda mosabvuta ndi pa mtengo wocepa kucokera ku netiweki ina kupita ku ina ndi ku mabanki. Ciwongoladzanja ca ngongole ya pa foni cizilembedwa poyera m'makwaca ndi mangwee munthu asanadinde. Wamalonda asakane ndalama za pamanja. Njira yodandaulira ilengezedwe pa mawailesi a m'madera m'Cinyanja ndi m'Cinsenga, kuti woberedwa adziwe kothamangira tsiku lomwelo.

Ku makampani tikuti: takulandirani, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma mlendo wabwino aphunzira moni wa eni mudzi. Ikani Cinyanja m'mauthenga anu ndi m'ma app anu, ikanimo mau olankhula kuti wosawerenga amve ndi makutu ake, ndipo ma ejenti anu a kumidzi muwapatse mphamvu zokwanira kuti munthu asayende makilomita ambiri ndi kubwerera cimanjamanja.

Kwa mafumu athu, kuyambira Mfumu Yaikulu Kalindawalo kufikira nduna ndi mafumu a midzi, ndiponso kwa atsogoleri a makopaletivu ndi a mipingo, tikuti: nkhani ya foni ilowe m'misonkhano monga ilowera nkhani ya katemera wa ng'ombe. Cidziwitso cofunika cisathere pa gulu la WhatsApp. Cinenedwenso pa bwalo, m'chalichi ndi pa cigayo, kuti wopanda foni asamve za tsiku la feteleza litapita kale. Kopaletivu isunge buku lolembedwa ndi dzanja la maina, manambala ndi ndalama zolipiridwa.

Ndipo kwa inu owerenga athu, alimi, amai a pa msika ndi acinyamata: lembetsani nambala ya foni m'dzina lanu ndi citupa canu, osati ca mnansi. Nambala ya cinsinsi ndi yanu nokha, ndipo wa ku kampani weniweni sadzakufunsani. Uthenga wopempha ndalama ukabwera, ngakhale m'dzina la mwana wanu, yambani mwaimba lamya ndi kumva liu lake, pakuti safunsa anadya phula. Lembani m'kabuku manambala a abale ndi a malisiti ofunika. Ndalama za zokolola musaziunjike malo amodzi: zina ku banki kapena ku gulu losunga ndalama la m'mudzi, zina m'foni, zina m'mbuzi ndi m'nkhokwe. Inu acinyamata amene zala zanu zathamanga, phunzitsani makolo anu kudinda okha, m'malo mowadindira.

Nyengo ya zokolola ndi ya feteleza ibwera caka ciri conse, ndipo caka ciri conse nchito zambiri zidzasamukira m'foni. Zimenezi sitingaziletse, ndipo sitifuna kuziletsa. Cimene tingacite ndi kuonetsetsa kuti pa khomo liri lonse latsopano limene litsegulidwa pa galasi la foni, pakhale lina limene gogo wa kwa Luembe angathe kugogoda ndi dzanja lake, nayankhidwa m'cilankhulo cake. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi makhansala a Petauke ndi Nyimba ayenera kufunsa mafunso amenewa tsopano, mapangano ndi makampani asanasainidwe.